Choko kapena foni? Zimene ndidaona kwathu ku Ntcheu

Akuluakulu, nkhani imene ndabwera nayo lero yandisowetsa tulo masabata atatu tsopano, ndiye ndati ndiitule pano kuti tithandizane nzeru, paja amati mutu umodzi susenza denga.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda kuja cha ku Tsangano, kumene mwezi wa Juni ukafika madzi a mumtsuko amachita kuluma mano. Ntchito yanga ndi yopikula kachewere ndi kabichi kumudzi n'kudzagulitsa mu mzinda wa Blantyre. Inu amene mumalawirira kumsika ku Limbe mwina tidaonanapo, ine ndili pamwamba pa lole ndikutsitsa matumba. Sindine mphunzitsi ayi, ndipo ku Unduna wa Zamaphunziro sindidapondeko. Ndine kholo chabe, komanso malume wa ana atatu amene mlongo wanga adandisiyira.

Mwezi watha ndinaitanidwa ku msonkhano wa makolo pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kwathuko. Ife ana a m'deralo amene tili m'matauni, pamodzi ndi anzathu amene ali ku Joni, tinasonkha kandalama koti kathandize pasukulupo. Mukudziwa kale inu kuti ndalama ikafika pa tebulo, chibale chimayamba chaima kaye. Achinyamata, makamaka ochokera ku Lilongwe ndi ku Joni, akuti tigule makompyuta, tilumikize intaneti, ana aziphunzira okha monga achitira anzawo a maiko akunja. Amfumu ndi amayi akuti ayi, timange nyumba ya mphunzitsi, chifukwa amene amaphunzitsa masamu amapalasa njinga mtunda wautali, mtsinje ukadzaza safika, ndipo anzawo awiri adapempha kale kuti awasamutse. Ndalamayo siyingakwanire zonse ziwiri. Tinabalalika osamvana, ndipo tikukakumananso kumapeto kwa mwezi uno.

Tili mkati mokangana, mnyamata wina anandiloza ine nati, "Achimwene, inu mumakhala m'tauni, tawauzani agogowa kuti choko chidatha ntchito." Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma sindinayankhe. Sindinayankhe chifukwa maphunziro a patali amenewa ine ndidawalawa kawiri, koyamba ndili mnyamata, kachiwiri ndili kholo, ndipo yankho lake silikanatheka kuliponya pakati pa phokoso lija. Ndiye ndiyankhira pano.

Sizidayambe ndi intaneti

Achinyamata a lero mumayesa kuti kuphunzira mphunzitsi ali kutali kwabwera ndi foni. Ayi ndithu. Boma lidatsegula Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965, patangopita chaka chimodzi chilandirire ufulu wodzilamulira, poti malo m'sukulu za sekondale adali ochepa zedi. Mu 1987 dzinalo lidasintha n'kukhala Malawi College of Distance Education, ija tinkangoti MCDE. Ife amene mayina athu sadatuluke pa chisankho cha Sitandade 8, ndiko tinkathawira. Ine ndidalemba mayeso a Sitandade 8 katatu konse, kukhoza ndinkakhoza, koma kusankhidwa ng'o. Mapeto ake malemu bambo anga adagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo mu 1990 ndidayamba Fomu 1 pa senta ya MCDE.

Kaphunziridwe kake kadali kotere. Ku Blantyre ankasindikiza timabuku timene tinkatitcha maseti, ndipo phunziro lililonse lidali ndi maseti ake. Maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Pa senta padali otiyang'anira, amene kwenikweni adali aphunzitsi a ku pulayimale. Anthu aja ankayesetsa, Mulungu awadalitse, koma tikafika pa masamu a Fomu 2 nawonso ankayamba kukanda m'mutu.

Ndimakumbukira bwino lomwe tsiku lina titazungulira wailesi, anyamata ndi atsikana kupitirira makumi anayi, mabatire atafooka, mawu akumveka ngati munthu akuyankhula ali m'chitsime. Mphunzitsi wa pa wailesiyo adali katswiri, Chingerezi chake chochita kutsetsereka. Koma mphunzitsi wa pa wailesi sabwerera m'mbuyo. Mnzako akatsokomola, mfundo yadutsa. Ukakweza mkono, iye sakuona. Akafunsa funso ankadikira pang'ono, kenaka n'kunena kuti takhoza, chonsecho tonse tidangoti kukamwa yasa.

Amene tidakhozako JCE pa gulu lathu tidali owerengeka, ndipo chinsinsi chathu chidali chimodzi. Mnzathu wina adali ndi mkulu wake amene adasankhidwa kupita ku Ntcheu Secondary School. Iyeyo akabwera pa holide tinkamukhazika pansi pa mtengo wa mapichesi, ife n'kumamufunsa zonse zimene zidatikanika m'maseti. Sadali mphunzitsi, adali mwana mnzathu, koma ankatha kuona pankhope kuti uyu wasokonezeka, n'kuyambiranso mwa njira ina. Milungu itatu ya pansi pa mtengo uja inkaposa teremu yonse ya wailesi.

Mu 1998 boma lidasandutsa masenta aja kukhala ma Community Day Secondary School, ma CDSS amene adzaza m'midzimu lero. Kwa ine kusintha kumeneku kudali kuvomereza kuti mwana wa zaka 14 sangalimbane ndi pepala payekha, pafunika munthu woima kutsogolo kwake.

Chaka cha mliri

Tsono tidumphe zaka makumi atatu. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Nthawi imeneyo mwana wanga wamwamuna adali Fomu 2 kuno ku Blantyre, ndipo mwana wa mlongo wanga, amene timangomuitana kuti Nangozo, adali Fomu 4 kumudzi, akukhala ndi agogo ake. Boma lidalengeza kuti maphunziro asaime. A ku pulayimale azimvera pa wailesi, a ku sekondale apeza manotsi pa intaneti, ndipo padali mgwirizano ndi makampani a mafoni woti tsamba la manotsilo ana azilitsegula osadula maunitsi. Nditamva zimenezi ndidati basi, nthawi yathu ya maseti idapita, awa ali ndi mwayi. Ndidagulitsa matumba awiri a kachewere, n'kugula foni ya tachi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi kuipatsira dalaivala wa lole kuti akamupatse Nangozo. Ndidagona tulo tabwino usiku umenewo poyesa kuti udindo wa umalume ndaukwaniritsa.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto loyamba lidali moto. Pakhomo pa amayi palibe magetsi, ndiye foni inkayenera kupita kukatchajidwa pa tiledingi senta, m'kashopu kometera kamene kali ndi sola, ulendo wa ola lathunthu, ndipo kutchajako n'kolipira. Vuto lachiwiri lidali netiweki. Amene mumadziwa dera lathu mukudziwa kuti timakhala m'malire, mwakuti pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 walowa m'dziko la eni. Kwathuko foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique, ya kuno osaoneka n'komwe. Kuti apeze ya kwathu kuno, mwana ankakwera kaphiri kena kuseri kwa madimba, n'kukhala pamwala, mphepo ya Juni ikumuomba, iye akukopera manotsi m'kope.

Vuto lachitatu ndi limene sindidaliganizire n'komwe, chonsecho ndidakulira komweko. Kumudzi mwana amene ali pakhomo ndi wantchito. Miyezi imeneyo ndi yothirira kumadimba, yokumba kachewere, yosenza matumba kupita nawo kumsewu. Pamene sukulu ili yotsegula, belu likalira palibe amene amaletsa mwana kunyamuka. Koma sukulu itatsekedwa, agogo ake ankati, "Iwe Nangozo, anzako ali kudimba, iwe wangokhala pamwala n'kumasisita kagalasi ngati mkazi wa bwana?" Amayi sadalakwe ayi. M'maso mwawo munthu amene wagwira foni akucheza, ndipo kunena zoona, nthawi zambiri amakhala akuchezadi.

Tsiku lina madzulo mwanayo adandiimbira. Adati, "Amalume, manotsi ndawapeza, ndakopera onse. Koma ndikafika pamene sindikumva ndizifunsa yani?"

Ine ndidati, "Uwerengenso kawiri, umva."

Iye adati, "Ndawerenga kasanu, amalume."

Ndidangoti chete, foni ili kukhutu, chifukwa mawu amenewo ndidawazindikira. Adali mawu anga omwe a mu 1991, nditagwira seti ya masamu. Zaka makumi atatu zadutsa, pepala lasanduka galasi lowala, koma funso likadali lomwe lija: ndifunse yani?

Mwina wina anena kuti limenelo ndi vuto la umphawi wa kumudzi. Imvani tsono za mwana wanga wa m'tauni. Iyeyu magetsi adali nawo, netiweki yodzadza, bandulo ndinkamugulira sabata ndi sabata. Ine ndimachoka pakhomo nkhuku zisanatsike, kubwerako kutada, amayi akenso ali ndi benchi yawo kumsika. Ndikamupeza wawerama pa foni n'kumufunsa, ankati, "Ababa, ndikuwerenga." Ine mtima m'malo. Pamene sukulu zinkatsegulidwa, mnyamata adali atadziwa mayina a osewera mpira onse a ku England mpaka ndi malipiro awo, koma mayeso oyamba adatsika kuchoka pa nambala 6 kufika pa nambala 31. Uyu adali ndi zonse, uja adalibe kanthu, koma onse awiri adasowa chinthu chimodzi: munthu wamkulu wowayang'ana m'maso n'kuwafunsa kuti taonetsa zimene walemba.

Tiyeni tionenso manambala, poti ife a bizinesi timakhulupirira zowerengera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Ntcheu lili ndi anthu oposa 650,000. Kalembera yemweyo adapeza kuti m'dziko lonse lino, mwa nyumba khumi zilizonse ndi imodzi yokha kapena kuposerapo pang'ono imene inkaunikira magetsi, nyumba za foni zidali pafupifupi theka, ndipo wailesi inkapezeka m'nyumba imodzi mwa zitatu. Mafoni ambiri mwa amenewo adali a mabatani, oimbira ndi kutumizira ndalama basi. Umu ndi mmene zinthu zidalili patangotsala zaka ziwiri kuti tiuze ana athu kuti aziphunzira pa intaneti. Nanga n'zodabwitsa kuti ambiri sadaphunzire kalikonse miyezi isanu ija?

Chimene chidandiwawa koposa ndi ichi. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi imene sukulu zidali zotseka mu 2020, atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Kwathu manambala amenewa ali ndi nkhope. Anzake a Nangozo awiri, amene ankakwera naye kaphiri kaja, sadabwererenso m'kalasi. Iye mwini adadzandiuza patapita nthawi kuti pa malo otchajira paja padali amuna ena amene ankati, "Bwera ndikulipirire, ndikugulirenso bandulo." Foni imene ndidagula kuti imuphunzitse ndi yomweyo imene inkamupititsa pakamwa pa afisi. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsembwe.

Mapepala a pachigayo

Koma pa miyezi yonse ija padali chinthu chimodzi chimene chidayenda. Mphunzitsi wa masamu uja, yemwe uja wa njinga, adaona kuti ana ake a Fomu 4 akutayika. Ndiye ankalemba mafunso khumi papepala ndi dzanja, n'kukalisiya pachigayo Lolemba. Ana akabwera kudzagayitsa ankakopera, n'kukasova kunyumba, Lachisanu n'kudzasiya makope pomwepo. Iye ankawatenga, kuchonga ndi cholembera chofiira, ndipo pansi ankalemba mawu monga akuti, "Apa waiwala kusintha chizindikiro, bwereza." Kwa amene adali ndi mafoni adatsegula gulu la WhatsApp, n'kumatumizako mawu ojambula ofotokoza funso limene ambiri alakwa. Foni ya Nangozo inkamveredwa ndi ana asanu atazungulira, monga ife tinkazungulirira wailesi. Kusiyana kwake n'kwakuti amene ankayankhula m'fonimo adali munthu woti waona makope awo, akudziwa kuti wakutiwakuti amasokoneza pati. Palibe amene adamulipira bambo ameneyu. Amayi ena ankangomupatsa kabichi.

Makalasi a mayeso adatsegulidwa pa 7 Sepitembala 2020, otsalawo mu Okutobala. Mukukumbukira kuti mayeso a MSCE a chaka chimenecho adathetsedwa ali mkati mu Novembala chifukwa adabedwa, ndipo ana adalembanso mu Januwale 2021. Zotsatira zitatuluka, amene adakhoza adali pafupifupi 41 mwa ana 100 aliwonse. Sindinganene kuti zonsezi zidachitika chifukwa cha kutseka kokha, poti kulemba mayeso kawiri nakonso kudafoola ana. Koma za m'nyumba mwanga ndikhoza kuchitira umboni. Nangozo satifiketi sadaipeze chaka chimenecho. Maphunziro amene adakopera manotsi ake pamwala paja adagwa nawo. Phunziro limene adakhoza bwino koposa onse ndi masamu, aja a pachigayo. Adabwereza, ndipo mu 2022 adakhoza.

Kalasi nayonso ili ndi zilonda zake

Tsono ndisakhale ngati munthu woyamikira zakale chifukwa choti ndi zakale. Kalasi ya ku Malawi kuno tonse tikuidziwa. Chiyambire 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji. Lidali ganizo labwino, ana a amphawi adalowa sukulu, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidathamange liwiro lofanana ndi ana. Mlingo umene boma limafuna ndi wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma pitani mukaone Sitandade 1 m'sukulu zambiri za kumudzi, mukapeza ana oposa 100 atakhala pansi, wakumbuyo osamva n'komwe zimene zikunenedwa kutsogolo. Kodi mphunzitsi ameneyo angaone nkhope ya mwana aliyense? Ku ma CDSS ambiri buku limodzi amalimbirana ana angapo, chipinda cha sayansi kulibe, mwana amafika pa mayeso asanagwirepo chipangizo chimene akufunsidwa. Aliponso aphunzitsi ena, ochepa koma alipo, amene amajomba, ena amasunga mfundo zenizeni kuti akaziphunzitse pa pati taimu yolipira, ndipo ena amaononga okha atsikana amene adapatsidwa kuti awasamale. Izi tisabise.

Apa ndi pamene achinyamata a ku Joni aja akunena zoona, ndipo ndiwavomereze. Mwana wa pa sukulu yopanda laibulale, foni ikhoza kumupatsa mabuku amene sakanawaona moyo wake wonse. Mapepala a mayeso akale a MANEB, amene ife tinkachita kupempha mogwada, lero amayenda pa WhatsApp. Mtima wa munthu umene ife tinkangouona chojambula cha choko, mwana wa lero akhoza kuuona pa kanema ukugunda, magazi akulowa ndi kutuluka. Kanemayo akhoza kumubwereza kakhumi popanda womuseka kapena womukalipira, ndipo kwa mwana wamanyazi chimenechi si chinthu chaching'ono. Mphunzitsi amene wapatsidwa phunziro loti sadalizame, usiku akhoza kudzikonzekeretsa pa foni, mawa n'kukaima molimba mtima. Kwa akuluakulu ndiye osanena. Sukulu za ukachenjede monga Mzuzu University ndi LUANAR zili ndi maphunziro a patali, ndipo anthu apantchito akutenga madigiri osasiya ntchito zawo. Nangozo yemweyo lero ndiye amasunga mabuku a bizinesi yanga, ndipo zambiri za kawerengedwe ka ndalama waziphunzira yekha pa foni. Foni yomwe idamukanika ali Fomu 4, lero ikumuthandiza. Chasintha n'chiyani? Wakula, maziko ali nawo, akudziwa chimene akufuna, ndipo akaona bodza amalizindikira. M'mera mpoyamba, ndipo poyambapo pafunika dzanja la munthu.

Ndaonanso ndi maso anga matabuleti amene afika m'sukulu zina za pulayimale. Ntchito imeneyi idayamba ngati yoyesera mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, mothandizidwa ndi mabungwe a VSO ndi onebillion, ndipo mu 2023 boma lidaikulitsa pansi pa dzina loti BEFIT, cholinga chake n'chakuti ifikire ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Ana amavala zomvera m'makutu, tabuleti ikuwayankhula m'Chichewa, kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kuwerengera, aliyense pa liwiro lake. Ndidaona kamwana koti m'kalasi ya ana 100 sikakanatsegula pakamwa, kakuwerenga mokweza kakumwetulira. Koma taonani mmene anzeru aja adaikonzera ntchitoyi. Matabuleti aja safuna intaneti, maphunziro ali m'kati momwemo. Amatchajidwa ndi sola. Sapita kunyumba, amakhala pasukulu, ali ndi nthawi yake pa ndandanda, ndipo mphunzitsi amakhala pomwepo akuyang'anira. Ngakhale pulogalamu ya pa wailesi ija ya Tikwere, imene idayamba kumveka mu 2008, inkafuna mphunzitsi m'kalasi woti azitsogolera ana pamene wailesi ikuyankhula. Ndiye kuti amene adazama nazo zinthuzi sadachotse mphunzitsi. Adamuwonjezera khasu.

Tisaiwalenso kuti zipangizo zimenezi zimadya ndalama tsiku ndi tsiku. Kompyuta si njerwa yoti ukaika waika. Imafuna moto, imafuna bandulo mwezi ndi mwezi, imafuna wokonza ikafa, imafuna chitseko cholimba ndi mlonda. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo ngakhale ife a m'tauni tidakhala mu mdima wa kuzimazima kwa nthawi yoposa chaka. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Ife ogulitsa timadziwa kuti katundu sumuonera pa mtengo wogulira pokha, umawerengeranso thiransipoti, msonkho wa pamsika ndi zoola. Kodi chaka chamawa, ndalama yosonkha ija itatha, bandulo ya sukulu adzalipira ndani? Amayi ogulitsa tomato pa Lizulu aja?

Mawu kwa anzanga

Kwa inu anzanga a mumsika, ndikudziwa kuti ambiri mumachita ngati mmene ndidachitira ine. Timagulira mwana foni n'kumati tamuthandiza sukulu, chonsecho tagula mtendere wa mumtima mwathu. Masiku ano kwabweranso ena otsatsa maphunziro a pa intaneti, akuti lipirani mwakuti mwana wanu akhoza ndi mapointi ochepa. Ena ndi achilungamo, ena ndi akamberembere. Musanatulutse ndalama, funsani mafunso awiri okha. Kodi mwana wanga akalemba, achonge ndani? Nanga akapanda kulemba, adziwe ndani? Ngati yankho palibe, bwezani ndalama m'thumba, paja safunsa adadya phula. Ndipo ngakhale mubwere kunyumba mutatopa chotani, muuzeni mwana abweretse kope. Kaya inu sukulu mudalekera Sitandade 5, deti mukhoza kuwerenga, cholembera chofiira mukhoza kuchiona.

Kwa inu ophunzira, makamaka a m'tauni amene foni ili m'thumba, dziwani kuti muli ndi chuma chimene ife a maseti tinkangochilota. Koma foni ili ngati msika wa Limbe. Muli mabuku, muli mankhwala, mulinso juga ndi akuba. Wolowa mumsika osadziwa chimene akukagula amatuluka m'thumba muli mbee. Lowani ndi funso limene lakukanikani m'kalasi, mukalipeza yankho tulukani, mawa mukalionetse kwa aphunzitsi kuti akuuzeni ngati lili loona. Ndipo musanyoze mnzanu wa pa benchi. Funso limene iye amafunsa, lija inu mumaopa kufunsa, ndi theka la maphunziro anu.

Tsono kumapeto kwa mwezi uno ndikwera lole kupita kumudzi, ndipo dzanja langa ndikakweza ku mbali ya amfumu ndi amayi. Timange nyumba ya mphunzitsi. Njerwa tiumba tokha, mchenga atuta achinyamata, ndalama ipite ku simenti, malata ndi amisiri. Ndikapemphanso kuti padenga pa nyumbayo tiikepo sola, kuti bambo aja azichonga makope usiku ndi kutchaja foni yawo osapita kometera. Kandalama kakatsalako, tigule kompyuta imodzi ya m'manja ikhale m'ofesi ya aphunzitsi, azikoperamo mabuku ndi makanema akapita pa boma, n'kudzaonetsa ana m'kalasi. Chaka chinacho tikasonkhanso, pamenepo tidzakambe za chipinda cha makompyuta, poti adzakhala alipo munthu wogona pasukulu pompo woti azidzachitsegula m'mawa.

Mnyamata amene anandiloza uja ndikudziwa akhumudwa, mwina adzati achimwene akalamba. Ndikamuyankha mwaulemu, chifukwa ndalama yake anaipeza movutikira m'dziko la eni ndipo akufunira zabwino abale ake. Ndikangomukumbutsa kuti iye amene lero akutha kulemba uthenga pa foni, kutumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg ndi kuwerenga zikwangwani za kumeneko, zilembo zoyamba adaziona pa bolodi losweka, zitalembedwa ndi choko, ndi dzanja la mayi wina amene ankamupukutanso mamina.

Ngati alipo wina mwa inu amene kwawo adayesa njira inayo ndipo idayenda, alembe pa tsamba lino mwezi usanathe, ndidzawerenga ndisanakwere lole. Kwa lero ndalekera pomwepa, kachewere akundidikira.